Masekondi Anayi a Shirdaki ya Agogo Uulkan

1. Kaseti ya m'bokosi la nsapato

Ndasunga laibulale ya sukulu ya kwathu ku Kochkor zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ana amene ndimawakumbukira bwino si aja okhoza mayeso ayi. Ndimakumbukira amene anandisokosera. Sezim ali m'gulu limenelo, ngakhale phokoso lake linali la tsiku limodzi lokha.

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, wochepa thupi, wosayankhulayankhula. Mkulu wake, Akmaral, amayembekezera ukwati mwezi wa Okutobala. Kwathu kuno mtsikana salowa m'banja chimanjamanja. Amapita ndi shirdaki, choyala pansi cha ubweya wa nkhosa chimene mayi ake adula ndi kusoka okha.

Mayi wa atsikanawa, a Burul, ananenetsa kuti Akmaral sadzapita ndi shirdaki ya kumsika. Amafuna kusoka yofanana ndendende ndi imene mayi awo, malemu a Uulkan, anawasokera pokwatiwa mu 1994. Koma shirdaki imeneyo kunalibe. Zaka zina za umphawi amuna awo anaigulitsa, akuti kwa mlendo wina wakunja, ndipo panalibe ndi chithunzi chomwe.

A Burul amati akukumbukira kuti inali yofiira ndi ya buluu. Koma akatenga choko kuti ajambule maluwa ake paubweya, dzanja limangoima.

Malo amodzi okha amene shirdakiyo inatsalako anali pa kaseti ya vidiyo ya ukwati wawo. Kasetiyo inakhala zaka makumi atatu m'bokosi la nsapato, kuseri kwa matumba a mbatatesi. Nthawi nayo inali itawathera. Amayi asanu ndi mmodzi oyandikana nawo analonjeza kubwera Lachinayi kudzathandiza kunyika ubweya mu utoto ndi kudula maluwa. Sabata yotsatira onse amakhala ali kumunda kokumba mbatatesi. Ndipo ubweya ukamwa utoto wolakwika, wamwa basi.

Ntchito yochotsa zithunzi pa kaseti ndi kuziika mu kompyuta a Burul anaipereka kwa Sezim, poti ndiye amakhalitsa mu laibulale.

2. Mawu a Toktosun ata

Lolemba ndinamuperekeza kwa a Toktosun, nkhalamba imene inagwira ntchito moyo wake wonse pa mlongoti wa TV wa kuphiri. Ndiwo anajambula ukwati uja. Ana onse amawatchula ata, ndiye kuti agogo, monga amanditchulira ine Zuura eje, ndiye kuti achemwali aakulu a Zuura. Tinawapeza akulongedza kachikwama.

Anatenga kasetiyo, nkuiyang'anira pawindo ndi diso lawo limodzi labwino. Anapukusa mutu.

"Mwana wanga, khala pansi, umve ndi makutu onse awiri. Mawa ndikupita kumzinda, ku Bishkek, kukakonzedwa diso ili, ndipo foni akandilanda. Waona timadontho toyerati? Ndi chuku. Ndipukuta zimene ndingathe, koma tepi iyi ndi nkhalamba ngati ine. Ulendo umodzi, kuchokera koyambira mpaka kumapeto, iyenda. Wachiwiri sindikulonjeza. Ndiye usamayesere zinthu pa iyo. Ukafuna kuyesera, tenga iyi."

Anamupatsa kaseti ina yolembedwa kuti Mahatchi 1993.

"Inu a masiku ano mumakonda tizinthu ting'onoting'ono tolowa mufoni. Kompyuta ikakufunsa njira yosungira zithunzi, imene mumati kodeki, dziwa kuti ina imapinda, ina imadula. Bulangete ukalipinda kuti lilowe m'chikwama, mawa ulifunyulula lili lonse. Ukalidula, likwanadi m'chikwamamo, koma chodulidwacho chapita. MP4 yanu ija imadula. Imati, apa diso siliona, ndichotsepo. Apa kamera yagwedezeka, ndipakepo phala. Ndipo kamera inagwedezeka tsiku lija, ndikuuze zoona, chifukwa amalume ako anandimwetsa mkaka wa hatchi wosasa, woledzeretsa uja, makapu anayi ndisanayambe ntchito."

Sezim anaseka, koma cholembera sichinaime. Amalemba kumapeto kwa kope lake la sayansi.

"Sankha yopinda. Dzina lake lemba, FFV1. Idya malo, ola limodzi magigabaiti makumi atatu, mwina kuposa. Ilekeni idye. Ukakhala ndi chathunthu, kakope ka mufoni udzapanga tsiku lililonse limene ukufuna, koma kuchokera pa kakang'ono sungabwererenso ku chachikulu. Kukula kwa chithunzi usakusinthe, 720 ndi 576. Ikakunyengerera kuti isalaze timizere tooneka ngati mano a chipeso, kana. Si matenda amenewo. Ndi mmene TV yakale imalukira chithunzi, theka kenako theka, ndipo ukasalaza panthawi yojambula wataya zimene sudzazipezanso. Mawu nawonso usawafinye."

Anapumira kaye, nkumwa tiyi wawo amene anali atazizira.

"Tsopano ichi usachiiwale ngakhale uiwale zonsezo. Makina athu a kuphiri ankajambula mwa njira yotchedwa SECAM. Matepi a mafilimu a kumsika ndi a PAL. Ukauza kompyuta kuti tepi yanga ndi ya PAL, chithunzi chibwera, mawu abwera, koma mitundu itsala panja. Ukadzaona zakuda ndi zoyera zokhazokha, wina asadzakunamize kuti ndi ukalamba. Mu 1994 dziko linali ndi mitundu kale. Ndinaliko."

Anatibwereka deki yawo ya vidiyo, yolemera ngati mwana wa nkhosa, ndi kachitini ka masiwiti momwe munali thonje, sipiriti, lumo ndi kampukutu ka zomatira zolumikizira tepi. Anamuonetsa Sezim kalumikizidwe kake kawiri, nkumuchenjeza kuti selotepu ya kusukulu asaiyandikize ndi pang'ono pomwe.

3. Mpando wa Ilgiz

Lachitatu m'mawa Sezim anafika ku laibulale ndi mlongo wake Ilgiz, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi amene amaphunzira ku Bishkek ndipo anali patchuthi. Ilgiz amadziwadi kukonza mafoni. Vuto lake linali lakuti amaganiza kuti dziko lonse ndi foni.

Ndiye anabweretsa kachipangizo kolumikizira deki ndi kompyuta, choncho ndiye anakhala pampando. Sezim anaima pambali ndi kope lake.

"Achimwene, ata anati tiyambe tayesera tepi ya mahatchi."

"Mahatchi a chiyani? Tepi ndi tepi." Ilgiz anatulutsa kaseti ya filimu ya Chimwenye imene anaitola kunyumba, nkuilowetsa mu deki. Pagalasi la kompyuta panatulukira akazi ovina, nsalu zawo zofiira ndi zachikasu zikuthwanima. "Waona? Mitundu mbwee! Ukufunanso chiyani, aphunzitsi?"

"Nanga kodeki? Anati FFV1."

"Iwe, ukudziwa kukula kwake? Maola atatu ndi magigabaiti pafupifupi zana. Kompyuta ya a Zuura eje yatsala ndi malo makumi awiri okha, ndipo imatsokomola ukaiyatsa."

"Siimatsokomolera inu," ndinatero ine. "Ndi yanga."

"Pepani, eje. Koma MP4 ndi magigabaiti awiri, zatha, madzulo ano abale onse aonera pafoni. Madala aja nzeru zawo zinathera pamlongoti."

"Disiki yanu ija ili ndi malo ambiri," anatero Sezim motsitsa mawu.

"Disiki yanga muli mafilimu anga mazana awiri. Usaiyang'ane nkomwe."

Nthawi yomweyo a Burul analowa ndi Akmaral, atavala mipango yawo yabwino ngati akupita kuukwati weniweni. Sezim anayang'ana kope lake, nkuyang'ana mlongo wake, kenako anatseka kopelo.

Inenso ndinakhala chete, ndipo sindibisa. Za makina sindizidziwa, komanso kwathu kuno mtsikana sachotsa mlongo wake wamkulu pampando pamaso pa anthu. Ndinangokoka mipando iwiri kuti alendo akhale.

4. Zakuda ndi zoyera

Ilgiz analowetsa kaseti ya ukwati, nadina batani. Deki inang'ung'udza. Pagalasi panayamba chipwirikiti cha timadontho, kenako panaoneka phiri, magalimoto awiri ndi anthu ambiri pabwalo. Zonse zinali zotuwa ngati phulusa.

"Mitundu ili kuti?" anafunsa Akmaral.

"Zakale zimatero," anayankha Ilgiz. "Utoto unathawa. Zaka makumi atatu si masewera."

"Achimwene, imitsani," anatero Sezim. "Ata ananena zimenezi."

"Ananenanso kuti tepi iyenda kamodzi. Ukufuna tiimitse kuti iduke? Khala chete."

Apa Ilgiz sananame, ndipo ndi chimene chinavuta. Kuimitsa kunali koopsa. Kusaimitsa kunali kutaya ulendo umodzi uja pa zithunzi zopanda mtundu.

Mphindi khumi zinadutsa. Amuna amapha nkhosa, ana amathamangathamanga, mkwatibwi anatuluka atawerama. Kenako kamera inatembenuka, nkhope ya mayi wachikulire nkudzaza galasi lonse.

A Burul anagwira pakamwa. "Amayi anga," anatero. Misozi inangoti chuu. Anali asanaione nkhopeyo zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo nanenso a Uulkan ndinkawadziwa.

Gogoyo anakonza mpango wake, nayang'ana mu kamera. "Burul mwana wanga," anatero mawu a pa tepi, "tsiku lina nawenso udzakhala ndi mwana wamkazi."

Koma Sezim samayang'ana nkhope. Amayang'ana kumbuyo kwa phewa la agogo ake, kumene amayi awiri amatuluka m'nyumba atasenza chinthu chachitali chokulunga. Anatambasula dzanja.

"Usakhudze!" anakuwa a Burul. "Sezim, usakhudze!"

"Tsiku limenelo," anapitiriza a Uulkan.

Sezim anadina batani loimitsa.

Deki inaima. Kenako mkati mwake munamveka khwekhwerere, ngati munthu akufwinya pepala la masiwiti. Tepi yomata ija, m'malo mobwerera m'kaseti, inakanirira pa chitsulo nkukwinyika. Sezim anasolola pulagi kukhoma.

5. Mkono umodzi wa tepi

Phokoso limene linatsatira sindinalimvepo mu laibulale yanga. Ilgiz anaimirira, mpando nkugwa.

"Wapha agogo kachiwiri iwe! Ndinakuuza! Mwamuona, amayi? Mwamuona mwana wanu wanzeruyu?"

A Burul anaimirira, nayang'ana Sezim kanthawi, nkutuluka kukakhala pabenchi ya m'khonde. Akmaral anawatsatira. Kukanakhala bwino a Burul akanamukalipira Sezim.

Sezim nkhope inali itayera. Anatsegula kope lake, nandipempha sikuludiraiva. Anatsegula chivundikiro cha deki. Sanakoke tepi. Anaimasula pang'onopang'ono ndi kamtengo ka thonje, monga anamuonetsera a Toktosun.

Gawo lokwinyika linali lotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Linali litang'ambika m'mbali, ndipo kulibwezera mu deki kukanangokodwanso nkuwononga zambiri. Analidula ndi lumo, nalumikiza nsonga ziwirizo. Ndinamupatsa envelopu, naikamo chidutswacho.

"Ndi masekondi angati amenewo?" ndinafunsa.

"Ngati makumi awiri, eje."

Tonse tinadziwa masekondi ake. Anali aja a mawu a agogo.

Kenako Sezim anatola mpando umene unagwa, nakhalapo yekha. Sanapemphe. Anapukuta mkati mwa deki ndi sipiriti, nadikira kuti muume, nalowetsa tepi ya mahatchi. Amuna okwera pamahatchi anatulukira akulimbirana mbuzi, ndipo onse anali otuwa ngati ukwati uja.

"Iyinso utoto unathawa?" anafunsa Sezim, osatembenuka.

Ilgiz anasendera pafupi ndi galasi.

Sezim anafufuza pa kompyuta mpaka anapeza pamene panalembedwa PAL. Anasintha, naika SECAM. Chithunzi chinaphethira kamodzi. Msipu unabiriwira, mahatchi anafiira, chipewa cha wokwera wina chinakhala chachikasu.

"Ayayaya," anatero Ilgiz motsitsa. Anakanda m'mutu. "Filimu yanga ija ndiye inandipusitsa."

"Sinakupusitseni. Inali ya PAL, inanena zoona zake."

Anapitiriza kutsata kope mzere ndi mzere. Anachotsa MP4, naika FFV1. Anabwezera kukula kwa chithunzi pa 720 ndi 576, poti Ilgiz anali atakukweza kuti kudzaze galasi. Anazimitsa chosalaza timizere, nasiya mawu osafinya. Anajambula mahatchi mphindi ziwiri, naonera zimene wajambulazo kuti atsimikize. Atatero anatembenuka.

"Achimwene, malo."

"Mafilimu mazana awiri, Sezim. Ena ndinawasaka miyezi."

"Mafilimuwo ali pa intaneti. Agogo ali pa intaneti?"

Ilgiz anayang'ana kudenga, nayang'ana ine ngati ndimuthandiza. Ine ndinayamba kupukuta magalasi anga. Anatulutsa disiki m'thumba, naifufuta yekha ndi chala chake, akudandaula ngati munthu wozulidwa dzino. Mwanayo ndi wamakani koma si woipa mtima.

Kubweza tepi ya ukwati ndi makina Sezim anakana. Analowetsa pensulo pakabowo ka pansi pa kaseti kuti mawilo amasuke, nayamba kuzunguza ndi chala, pang'onopang'ono, mpaka koyambira. Zinamutengera theka la ola. Atamaliza anapita yekha kukhonde.

"Amayi, ndayambanso. Ngati mukufuna kuona, bwerani."

A Burul anabwera, koma anakhala pampando wakutali.

6. Masekondi anayi

Deki inang'ung'udzanso. Tonse tinapuma mosamala ngati mpweya wathu ungadule tepi.

Phiri linatuluka lobiriwira. Galimoto imodzi inali yofiira. Akmaral anaseka ataona bambo ake atavala suti ya mtundu wa mpiru, yaikulu ngati yobwereka. Mphindi khumi zinadutsa, nkhope ya a Uulkan nkubweranso, tsopano ndi mpango wa maluwa ofiirira ndi masaya opsa ndi mphepo.

"Burul mwana wanga, tsiku lina nawenso udzakhala ndi mwana wamkazi."

Chithunzi chinadumpha. Pamene chinakhazikika, gogoyo anali atatembenuka kale akupukuta maso, ndipo anthu amaomba m'manja. Sezim anangoyang'ana tinambala ta pa kompyuta.

Ndipo amayi awiri aja anafunyulula shirdaki pabwalo. Kamera ya a Toktosun inaidutsa mopepesuka, kuchokera kumanzere kupita kumanja, nkukathera pa poto wa nyama. Basi. Masekondi anayi.

"Yomweyo?" anafunsa Akmaral. "Sindinaone kanthu ine."

"Dikirani ithe," anatero Sezim. "Sindiimitsanso."

Tinakhala maola atatu. Ndinafulula tiyi, tinadya buledi ndi jamu pakati pa mabuku, chinthu chimene ndimaletsa ana tsiku ndi tsiku. Ola lomaliza deki inayamba kulira ngati chitseko chopanda mafuta, ndipo chithunzi chinayamba kudzaza timadontho toyera. Pamene Sezim anatulutsa kaseti, fumbi lakuda la tepi linali litadzaza mkati. A Toktosun sananame. Ulendo wina panalibenso.

Dzuwa litapendeka, Sezim anatsegula fayilo yaikulu ija, nafika pa masekondi anayi, nayamba kuyenda chithunzi chimodzichimodzi. Zinali pafupifupi zana. Zambiri zinali zopaka chifukwa cha makapu anayi a mkaka wa hatchi. Koma pakati, pamene dzanja la wojambula linaima kaye, panali zitatu zooneka bwino.

A Burul anakoka mpando, nayandikira.

Shirdakiyo sinali ya buluu. Inali yofiira ndi yobiriwira kwambiri ngati masamba a paini, ndipo chingwe chosokera m'mphepete mwa maluwa chinali chachikasu. Maluwa ake anali nyanga za nkhosa zopiringizana zinayizinayi, mizere itatu.

"Ine ndagula buluu," anatero a Burul. "Mapaketi asanu ndi atatu. Zaka zonsezi ndimaiona ya buluu m'mutu mwangamu." Anatembenukira Akmaral. "Thamanga kusitolo asanatseke. Wobiriwira wakuda, ndi wachikasu pang'ono. Thamanga!"

Ilgiz, pofuna kudziwa, anapanga kakope kakang'ono ka gawo lomwelo monga mmene anakonzera m'mawa, nakaika mufoni. Anakaonera, nkuimitsa pa shirdaki. Nyanga zija zinali zitasungunuka, chingwe chachikasu osaoneka nkomwe.

"Phala," anatero yekha. "Madala aja ananena."

A Burul anapempha pepala ndi pensulo. Anayamba kutsata maluwa ndi chala pagalasi, kenako papepala. Dzanja silinaimenso. Pangodya ya kumanja anaima, naseka misozi ili m'maso. Pamenepo nyanga imodzi sinali yobiriwira ngati zinzake. Inali ya mtundu wa lalanje.

"Ubweya wobiriwira unawathera," anatero. "Anadula kajekete kanga ka ndili mwana. Ndinali nditaiwala."

Sezim anatenga envelopu ija, naiika pathebulo pafupi ndi dzanja la mayi ake.

"Amayi, mawu a agogo ali umu. Ndawadula ndine. Ndikanayankhula m'mawa tisanayambe, sizikanafika apa. Ndinatseka kope chifukwa cha manyazi. Pepani."

A Burul anayang'ana envelopuyo nthawi yaitali. Sananene kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kanalipo.

"Zandipweteka," anatero. "Ndimafuna ndiwamve akunena ndi pakamwa pawo, kamodzi kokha. Zimenezo sizibweranso, ndipo usaiwale kuti zinatayika chifukwa unakhala chete nthawi yoyenera kuyankhula. Tsiku lina ukadziwa chinthu, unene poyamba, anthu asanakhale pansi, ngakhale pampando pali mlongo wako wamkulu." Anapuma. "Koma mawuwo ine ndinalipo. Anati, tsiku limenelo usadzamugulire ya kumsika, udzadule ndi dzanja lako. Amenewo sanachokepo m'mutu mwanga ndi tsiku limodzi lomwe. Chimene chinandithawa ndi mitundu, ndipo ndiwe wandibwezera."

Anapinda envelopuyo, naiika pachifuwa mkati mwa diresi. Kenako anakoka mutu wa Sezim nkuununkhiza pamphumi, monga timachitira ndi ana aang'ono. Apo ndiye mwanayo analira, ndipo ndinamulola, ngakhale pakhoma pali chikwangwani choletsa phokoso.

Ilgiz ananyamula deki, a Burul anatenga mapepala awo, natuluka. Sezim anatsala kuti akope fayilo yaikulu ija pa disiki yachiwiri ya ofesi, imene ndinakabwereka kwa ahedi. Chithunzi cha shirdaki chinali chikadali pagalasi.

Ine ndinali ndisanachotse maso pangodya ija kuyambira pamene a Burul anaiwonetsa.

"Sezim, kulitsa pamenepo."

Anakulitsa. Nyanga ya lalanje inadzaza galasi.

"Bambo ako anati anagulitsa kwa ndani?"

"Kwa mlendo wakunja, eje. Akuti anapita nayo pandege."

Ndinavula magalasi, nkuwavalanso. Mwezi wathawo ndinaitanidwa kukamwa tiyi kunyumba ina kuno ku Kochkor, ndipo kapu inanditayikira pansi. Ndinagwada, nkupukuta ndi mpango wanga kachigamba ka lalanje kooneka ngati nyanga, pa shirdaki yakale yofiira ndi yobiriwira. Ndinafunsa kuti anaisoka ndani, mwini nyumba nkusintha nkhani.

"Sinakwere ndege imeneyi," ndinatero. "Ili m'chipinda chochezera cha a Kanyshai."

Sezim anasiya kudina. A Kanyshai ndi mayi wa mnyamata amene akukwatira Akmaral.